Chitseko cha a Kopolo Ndinachithyola Ndine

Abale anga, mawu awa ndawalemba papepala chifukwa ndikangolankhula za m'mutu ndimapsa mtima msanga, ndiye nkhani imandithawa. A katekisiti andiuza kuti ndiwerenge pang'onopang'ono. Ndiyesa.

Dzina langa ndine Binwelo Daka. Ena mwa inu mumandidziwa ndi dzina lina lija, Dokotala wa Njinga. Polowa muno ndaona njinga zanu zitatsamira mtengo wa mango panjapo, ndipo ndaonanso kuti zikwama simunalowe nazo, mwazimangirira pakaliyala. Zomwe zili m'katimo ndikuzidziwa: sirinji yagalasi yokulunga m'kansanza, singano m'kachitini ka fodya, timabotolo ta penisilini togula pakhomo lakumbuyo. Sindinabwere kudzakunenezani. Ndabwera kudzakuuzani zomwe ndinaona ndi maso angawa ku Madzimoyo.

Sukulu ndinalekera Sitandade 4. Aphunzitsi anandikwapula pamaso pa atsikana, ine ndinawalanda ndodoyo n'kuithyola pabondo, sukulu n'kuthera pomwepo. Amalume anandipezera ntchito yosesa ndi kutaya za m'mapoto a odwala pa chipatala china cha mishoni. Kumeneko maso anga ankagwira ntchito kuposa tsache. Ndinkaona momwe amasungunulira ufa wa penisilini, momwe amatulutsira mpweya mu sirinji, momwe amabayira pathako. Sindinafunse n'kamodzi komwe kuti bwanji pathako. Tsiku lina wophika ananditchula kuti wamikodzo, ine ndinamuphwanya ndi chidebe kukamwa. Anandichotsa ntchito. Ndinatuluka pageti sirinji ili mu sokosi.

Inali nthawi imene ufulu unali ukadali wotentha, tauni yathu itangovula dzina la Fort Jameson n'kuvala la Chipata. Paliponse anthu ankati tsopano munthu wakuda akhoza chilichonse, ine n'kumamva ngati akunena ine. Ndinachita lendi kachipinda ku Nabvutika, ndinagula njinga yakale ndi chijasi choyera, basi ndakhala dokotala.

Obaya tinali ambiri, ndiye kuti upose anzako umafunika chakochako. Changa chinali ichi. Anthu athu anazolowera kuti sing'anga amatema mphini pamene pakupwetekapo. Bondo likavuta, mphini pabondo. Msana ukavuta, mphini pamsana. Ndiye akapita ku chipatala n'kuuzidwa kuti tsitsani buluku, chikhalirecho chikuwawa ndi phewa, ankatuluka akung'ung'udza kuti, "Mankhwala aja angowataya kuthako. Kuphewa kuno afika liti?" Ine ndinalengeza kuti kwa Binwelo jekeseni amalowa pomwe pali matenda. Pabondo, pakhosi, pamsana, pomwe mwalozapo. Mbiri inathamanga kuposa njinga yanga.

Zomwe ndinkapeza masana zinkathera ku kachasu wa ku Kapata tsiku lomwelo. Singano ndinasiya kuwiritsa. Ndinkangoziviika mu kachasu yemweyo, wotsalayo n'kumwa. Ena ankatupa zithupsa zazikulu ngati papaya, ine n'kumawauza kuti amenewo ndi matenda akutuluka. Ankathokoza.

Msika wanga wabwino unali Madzimoyo, kwa alimi a thonje ndi mtedza. Kumeneko kunali bambo wina wachikulire, a Sakala, koma aliyense ankangoti a Kopolo, dzina la udindo wawo wa ku usilikali. Ali mnyamata anapita ku nkhondo ya azungu kutsidya la nyanja, osati kukawombera koma kukanyamula ovulala ndi kuwamanga mabala. Atabwerako anaphunzira za mankhwala, nagwira ntchito m'zipatala za boma mpaka kupuma. Ndi penshoni yawo anamanga kanyumba ka njerwa zowotcha m'mbali mwa msewu, pamwamba malata, pansi simenti, khoma lopaka laimu, chitseko cha mlombwa. Ankafuna kutsegula dispensale, kachipatala kakang'ono.

Koma dispensale satsegula ngati tiyirumu. Pamafunika chilolezo cha boma. Ndipo ndinene zoona, zambiri zomwe boma linkafuna zinali zanzeru: pansi potsukika, madzi abwino, chimbudzi, kabati yokhoma ya mankhwala, poto wowiritsira singano, ndi munthu wophunziradi ntchitoyo. A Kopolo zonsezi anali nazo. Chinawagwira ndi china. Boma linkayenera kukhutira kuti malowo akusowadi dispensale, ndipo pofuna kudziwa linkafunsa amene ali kale ndi chilolezo. Ku tauni kunali dokotala wina wa sejale yakeyake, chipatala cholipiritsa, amene anthu a ku Madzimoyo ankakwera lole kukamulipira. Anafunsa iyeyo. Inu mungafunse mwini golosale ngati mudzi ukufuna golosale ina? Anayankha kuti kusowa kulibe: sejale ilipo, chipatala chachikulu chilipo, msewu ulipo.

Boma linatumabe insipekitala wa zaumoyo kuti akamve kwa anthu eni ake. Apa mpamene ndinalowererapo ine. Ndinkadziwa kuti chitseko cha mlombwa chija chikangotseguka, Dokotala wa Njinga watha. Ndinagulira kachasu amuna angapo olankhula mokweza, ndipo insipekitala atafika anaima kutsogolo n'kunena kuti, "Ife kuno sitidwaladwala, bwana. Tikadwala timakwera lole." Kwa amayi ndinkanong'oneza kuti mdala uja adzangokupatsani timapiritsi ndi madzi a mchere, jekeseni wa pomwepo simudzamuonanso. Chilolezo chinakanizidwa. Anawauza kuti ayesenso chaka chinacho.

A Kopolo ndi munthu wa usilikali. Anakhoma loko wamkulu pachitseko chija, makiyi n'kukapereka kwa insipekitala kuti awasungire. Anati anthu akamabwera kudzawachonderera angagonje, ndiye bola makiyi akhale ku boma. Masana ankalima dimba lawo kuseri kwa nyumbayo. Ine podutsa ndinkachita kuliza belu dala.

Tsiku lina anandiimitsa. "Binwelo, mwana wanga, singano zakozo umawiritsa?"

"Madala, inu samalani loko wanu, angachite dzimbiri."

"Bwera ndidzakuonetse pobaya pabwino. Sindikulipiritsa."

"Amene alibe wodwala ndi mmodzi yemwe aphunzitse amene ali ndi mzera?"

Anangondiyang'ana, n'kubwerera ku khasu lawo. Taganizani, abale. Lamulo linamanga manja munthu amene anapita yekha kukagogoda pakhomo pake. Ine sindinagogode, ndiye silinkandiona. Wodziwa ntchito ankathirira repu, ine ndikubaya anthu.

Tsopano ndifike pa tsikulo.

Inali nthawi yogulitsa thonje. Sikelo anaipachika pamtengo chapafupi ndi nyumba ya a Kopolo, mabelo ataunjikana, lole ikudikira. Dzuwa linali lisanafike pamutu koma ine ndinali nditalawa kale. Panabwera amake Tisa, akazi a a Mbewe, mayi wamphamvu wosenza thumba la thonje yekha popanda womutwika. Ankatsokomola.

"A dokotala, m'nthiti muno mukundilasa ndikamapuma."

Tinapita kuseri kwa mabelo. Anagwira chala changa n'kuchiika okha pakati pa nthiti, chakumanja, m'munsi mwa khwapa. "Apa. Musataye kwina."

Ndinasankha singano yaitali kuti aone kuti sindikuwanyenga. Ndinakankha mpaka ndinamva kuti yafika pofewa. Anatsokomola kamodzi, n'kunena kuti, "Eya, ameneyo wafika." Anamanga chitenje n'kubwerera pamzera.

Mzera usanasunthe kwenikweni ndinamva phokoso. Nditasuzumira ndinawaona atakhala pansi, atatsamira belo, kukamwa kuli yasa ngati nsomba yoponyedwa pamchenga. Milomo inali itasanduka ngati phulusa. Mitsempha ya m'khosi inaima ngati zingwe. Amayi ena ankawathira madzi kumutu, ena ankawakupiza ndi zitenje. Wina anati, "Wawabaya ndi Binwelo."

Sindibisa. Ndinapita pa njinga. Phazi linali kale pa pedulo pamene a Mbewe anagwira kaliyala.

"Ukupita kuti, dokotala?"

Ndinatembenuka nditakunga chibakera. Ndikanawamenya, mwamuna wa mayi amene ndinali nditamuvulaza. Umo ndi momwe ndinalili.

Koma a Kopolo anali atafika, atavala majombo a kudimba, khasu lili m'manja. Sanayang'ane aliyense. Anagwada, anaika khutu pachifuwa cha amake Tisa, mbali iyi, kenako inayo. Anagogoda ndi zala. Kumanzere kunamveka ngati thupi la munthu. Kumanja kunalira ngati chigubu chopanda kanthu. Anasisita pakhosi ndi chala. Kenako anadzutsa mutu n'kundipeza.

"Binwelo, wabaya pati, ndi singano yotalika bwanji? Usaname, nthawi palibe."

Sanakalipe. Anafunsa ngati akufunsa mnzawo wa ntchito. Chibakera chija chinamasuka chokha. Ndinaloza malowo, ndinawaonetsa singanoyo.

"Waboola phapu," anatero. "Mpweya ukutuluka m'phapu n'kumadzaza m'chifuwa, ulibe potulukira. Ukufinya mtima. Ku tauni safika. Anyamuleni."

Tinawanyamula pa thumba la thonje mpaka pakhonde la dispensale. Apo loko uja anali lende. Akazi a a Kopolo, Anaphiri, anali atathamanga kuchokera kunyumba.

"Bambo, makiyi ali ku boma. Mukatsegula mwa njira ina, chilolezo chija musachiyembekezenso."

"Ndamva, Anaphiri."

Anaima akuyang'ana chitseko chija. Penshoni yawo yonse inali m'nyumba imeneyo, ndi zaka zomwe anadikira osathyola lamulo ngakhale pang'ono. Kumbuyo kwathu amake Tisa ankakoka mpweya, mpweya osalowa. Kenako a Kopolo anandipatsa khasu.

"Paja amati ndiwe waukali. Chitsekocho."

Ndinamenya pa loko, mpini n'kuthyoka. Ndinabwerera m'mbuyo n'kulowa ndi phewa. Mlombwa si mtengo wamasewera, koma ukali wonse umene ndinathyolera ndodo ya aphunzitsi ndi kukamwa kwa wophika unapita pa thabwa limenelo, ndipo linang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi.

M'katimo ndinali ndisanalowemo. Munkanunkhira laimu. Panali bedi loyala nsalu yoyera limene munthu anali asanagonepo, kafumbi katangokhala pamwamba. Mu kabati zitsulo zinali m'zitini zotseka, chilichonse pamalo pake, ngati zinkadziwa kuti tsiku lina zidzaitanidwa.

A Kopolo anati, "Popa pulaimasi, uyatse moto. Ponya kapaipi ka labala ako m'poto. Ukatero bwera ugwire mapewa."

Iwo anasamba m'manja ndi sopo. Ine mtima unkati fulumirani, mayiyu akufa, koma anasamba mpaka kutsuka pakati pa zala. Anatulutsa singano yonenepa kuposa zanga zonse, naipukuta ndi sipiriti, napukutanso pachifuwa. Anthu anali atadzaza m'mawindo. A Mbewe atangoiona anagwira mkono wa a Kopolo.

"Uyu wawapha ndi singano, inunso singano?"

"A Mbewe, gwirani dzanja la akazi anu, langali lisiyeni."

Anaika chala pa fupa la m'munsi mwa khosi, n'kutsika nacho pang'onopang'ono, akuwerenga nthiti, milomo ikugwedera. Anaima. Ndinawamva akuti chapansipansi, "Ambuye, ndigwireni dzanja." Anakankha.

Abale, inu nonse muli ndi njinga. Mukudziwa kulira kwa chubu mukamasula valavu. Ndi kumene kunamveka m'chipinda chija, kuchokera m'chifuwa cha munthu. Ndinali nditawerama nditagwira mapewa, ndiye mpweyawo unandiomba kumaso. Unali wofunda. Unatuluka, n'kutulukabe, ngati sudzatha. Ndinaona mitsempha ya m'khosi ija ikugona pansi. Ndinaona mbali ya kumanja, imene inali itangouma ngati thabwa, ikuyamba kukwera n'kutsika. Phulusa lija linachoka pamilomo pang'onopang'ono, ngati momwe kumayerera kum'mawa, magazi n'kubwerera.

Amake Tisa anatsegula maso. Anayang'ana kudenga, anayang'ana amuna awo, n'kunena ndi mawu ang'ono: "Thonje langa akulondera ndani?"

A Mbewe anakhala pansi pa simenti n'kuyamba kulira ngati mwana.

Ine ndinangoima. Anthu ndinali nditabaya ochuluka, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaona munthu akuchiritsidwa. Chitsulo chomwecho. Chifuwa chomwecho. Pakati pa bala langa ndi la a Kopolo mukanaikapo chikhatho chimodzi basi. Langa linkawapha, lawo linawabweza. Ine ndinkaganiza kuti pansi pa khungu pali ululu wokha, umene umafunika kuulasa. Iwo ankaona kupyola khungu: apa pali phapu, apa pali mtsempha, apa mpweya watsekeredwa. Mulungu anayala zinthu m'thupi mwa munthu mwadongosolo loopsa, ndipo ine ndinkalowamo ndi singano yoviika mu kachasu ngati mbuzi m'tchalitchi.

A Kopolo anatenga kapaipi kowiritsa kaja, mbali ina analumikiza ku singano, ina anaimiza m'botolo la madzi. Amake Tisa akapuma, m'madzimo munkatuluka thovu. Akapumanso, thovu. Anamata singanoyo ndi pulasitala, n'kundipatsa botololo.

"Likhale pansi nthawi zonse, lisakwere kufika pachifuwa. Likakwera, madzi alowa m'kati. Wamva?"

Anapatsa ine. Panali anthu ambiri osaledzera, ndipo a Kopolo ankadziwa kuti phazi langa linali pa pedulo. Tinakwera lole ya thonje, amake Tisa atatsamira mabelo, ine nditakhala m'munsi botolo lili pakati pa mapazi. Msewu wonse mpaka ku Chipata sindinayang'ane kumbali. Ndinkangoyang'ana thovu. Lole ikagwa m'dzenje ndinkasiya kupuma mpaka litatulukanso.

Ku chipatala chachikulu dokotala anaona singano ija n'kufunsa kuti wachita ndani. A Kopolo anati, "Bala lapamwambali ndi langa. Lam'mbalilo afotokoza yekha mnyamatayu." Khomo linali lotsegula kumbuyo kwanga. Ndinafotokoza. Pamene apolisi ankanditenga, a Kopolo anali akuyenda kulowera ku boma, majombo akadali ndi matope a kudimba, kukadzinenera okha kuti athyola chitseko ndipo athandiza wodwala m'nyumba yopanda chilolezo.

Za m'ndende sindichulutsa. Masiku oyamba thupi linkanjenjemera kufuna kachasu, ndinkasanza, ndinkaona nyerere pakhoma pomwe palibe. Ndinamenyana ndi mkaidi mnzanga chifukwa cha bulangeti, anandiwonjezera ntchito yakalavulagaga. Amalume sanabwere. Amene anabwera ndi a Kopolo, atanyamula mtedza wokazinga.

Anandiuza kuti amake Tisa atuluka, ali bwino. Anandiuzanso kuti chilolezo chakanizidwanso. Dokotala wa sejale uja anali atamva nkhaniyo n'kukadandaula kuti munthu wosamvera lamulo sangapatsidwe dispensale.

Magazi anandikwera kumutu. "Ndikatuluka muno sejale imeneyo ndikaiwotcha."

"Ukaiwotcha, odwala ake apita kwa ndani? Kwa anzako a njinga?"

Anandisendezera mtedza uja pafupi, n'kupitiriza.

"Tamvera, Binwelo. Lamulo la simenti ndi poto wowiritsira lija likanakugwira iwe msanga, mayi uja sakanabooledwa. Limenelo ndilibe nalo mlandu. Dandaulo langa n'limodzi: funso la kusowa amafunsa munthu wolakwika. Ndipo amene akanayankha zoona anamwetsedwa kachasu."

Ankadziwa. Nthawi yonseyi ankadziwa, ndipo anandipatsabe botolo la thovu lija.

"Ukatuluka," anatero akunyamuka, "uli ndi chitseko changa chokonza."

Tsopano mverani momwe ndinabwererera, mwina wina zimuthandiza. Nditatuluka sindinapite ku Nabvutika kapena ku Kapata. Ndinadziwa kuti ndikangodutsa pakhomo lomwe ndinkamwera, miyendo ikhota yokha. Ndinapita ku Madzimoyo, a Kopolo anandipatsa kachisakasa kosungiramo makasu. Chitseko ndinachikonza ndi kalipentala wa pamenepo, iye akupala, ine ndikugwira. Mng'alu ukuonekabe mpaka lero. A Kopolo anakana kuti tiupake penti.

Kenako ndinayenda kwa amuna onse amene ndinawagulira kachasu. Ena anandithamangitsa. Ena anavomera kupita nane ku boma kukanena kuti tinanama. Insipekitala uja sanali munthu woipa, anali wachinyamata chabe ngati ine. Anagwira kumutu n'kunena kuti, "Ine ndinalemba zomwe munandiuza. Tsopano akuluakulu akhulupirira ziti? Mawu a anthu onama kale sakwanira. Ndibweretsereni chooneka ndi maso."

Pobwerera ndinaganiza kuti chooneka ndi maso ndili nacho, ndipo ndinachipanga ndine. Ndinatenga njinga n'kuyenda mudzi ndi mudzi, kwa aliyense amene ndinamubaya n'kumusiyira chilema. Imeneyo inali ntchito yowawa kuposa ndende. Bambo wina amene bondo lake silipindikanso anandilavulira. Mayi wina anandionetsa dzenje pamsana pa mwana wake. Ine waukali uja ndinkangoima chipewa chili m'manja, n'kupempha kuti akwere lole tsiku limene akuluakulu a zaumoyo adzakumane.

Anakwera. Anadzaza bwalo la ku boma, alimi a thonje ndi zitenje zawo za ku tchalitchi. Akuluakulu atatuluka pakhonde, anthu aja anayamba kupinda mabuluku ndi manja a malaya. Zipsera pabondo, paphewa, pakhosi, pamsana. Amake Tisa anaitana nesi n'kumuonetsa zawo ziwiri zija kuseri kwa chitenje. Kenako a Mbewe, munthu wosazolowera kulankhula pagulu, anandikokera kutsogolo n'kunena kuti:

"Mabwana, munamva kuti kwathu kulibe kusowa. Nanga mnyamata uyu ankabaya ndani?"

Wamkulu wawo anatsika pakhonde n'kuyamba kuyenda pakati pa anthu, akuyang'ana chipsera chilichonse.

Sizinachitike tsiku lomwelo. Mvula inagwa n'kutha tikudikirabe. Koma chilolezo chinabwera, chopapatiza: osagoneka odwala, mankhwala ena osasunga, matenda aakulu kutumiza ku tauni. A Kopolo anachilandira ndi manja awiri. Ndipo taonani zomwe zinatsatira. Dokotala wa sejale uja, yemwe ankati kulibe kusowa, anayamba kubwera ndi galimoto yake ku Madzimoyo tsiku la msika, mtengo atatsitsa. Ine ndinapsa mtima, ndinati akufuna kutilanda anthu. A Kopolo anaseka. "Abwere. Amawiritsa singano ameneyo. Odwala ndi ambiri kuposa ife tonse."

Ntchito yanga lero ndi yomwe ndinayamba nayo, tsache. Ndimasesa, ndimatunga madzi, ndimapopa pulaimasi, ndimawiritsa singano, ndimathamanga pa njinga kukaitana lole. Singano sindinailowetsenso m'thupi la munthu, ndipo sindidzatero mpaka nditakhala ndi pepala langa la maphunziro. Ndinayambiranso sukulu ya akuluakulu, ndimakhala pa benchi limodzi ndi anthu a imvi. Ukali sunathe, ndisakunamizeni. Ukabwera ndimatenga ndowa n'kupita kuchitsime, ndipo masiku ena migolo yonse imadzaza dzuwa lisanapendeke. Kachasu ndimamumvabe fungo ngakhale ali kutali. Ndimalambalala njira.

Anthu athu nawonso sanasinthe msanga. Mwezi wathawu amake Tisa anabwera, bondo likuwavuta. A Kopolo anawapatsa mapiritsi ndi mafuta opaka. Iwo anati, "Ayi, a Kopolo, jekeseni, ndipo pabondo pomwepa."

A Kopolo anandiyang'ana. "Binwelo, afotokozere."

Ndinafotokoza zonse zomwe ndaphunzira, kuti mankhwala amayenda ndi magazi, amafika okha pomwe pakuwawa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti, "Iwe wako uja ndiye ankafika msanga."

"Amayi, uja ndi amene anatsala pang'ono kukuphani."

"Ukundiuza ine? Zipsera ndili nazo ziwiri. Kukazizira chimandiyabwa ndi chako." Anatenga mapiritsiwo n'kumanga pa mfundo ya chitenje. "Bweretsa madzi ndimwere pompano, usangoima ngati mtengo."

Ndinawabweretsera madzi.

Inu anzanga a njinga, ndikudziwa chimene mukuganiza: kuti kumidzi kwanu kulibe a Kopolo, kuti mukasiya anthu asowa kopita. Kusowako n'koona. Koma pitani nako ku boma, muwatengere anthu akalankhule okha, musakubise pansi pa chijasi choyera ngati momwe ndinachitira ine. Insipekitala wavomera kuti wopereka yekha singano zake lero samangidwa. Ndipo dispensale ikufuna amuna a njinga odziwa njira za kumidzi, oti azibweretsa odwala msanga asanafike pomwe anafika mayi uja.

Aliyense wa inu ali ndi amake Tisa ake amene sanakumane nawobe. Tsiku limenelo mwina sipadzakhala mdala wa majombo kudimba lapafupi.

Ndathera pamenepa. A Kopolo sanalowe muno. Ali panja paja pafupi ndi njinga zanu, ndi chitini chopanda kanthu cha palafini pambali pawo, choti muponyemo singano zanu. Sanakhudze chikwama cha munthu, ndipo safunsa dzina. Akungodikira. Kudikira amakudziwa.